A Charles Mzingeli, Mlangizi wa Anthu a ku Halale (1905–1980)

Pamene tikukumbukira zaka 100 za Eklezia m'dera lathu lino, nkoyenera kukumbukiranso makolo athu amene anabadwira kuno koma mphamvu zao anakazithera ku maiko a eni. Ansembe a Consolata anafika ku Mandimba m'chaka cha 1926, nakhazikitsa mishoni ya Massangulo m'chaka cha 1928. Zimenezo zinali zaka zowawa. Companhia do Niassa inalamulira dziko lino kufikira 1929, ndipo itachoka, msonkho ndi chibalo zinatsalabe, kenaka panadza thonje lolima mokakamizidwa. Chifukwa cha zimenezi amuna ambiri anaoloka malire nalowa ku Nyasaland, ndipo ena anapitirira ulendo, kudzera ku Blantyre ndi ku Tete, kuoloka Zambezi, mpaka kukafika ku mzinda wa Salisbury m'dziko la Southern Rhodesia. Kumeneko ndiko makolo athu ankakutcha ku Halale. Ena anabwerako ndi njinga ndi mabulangeti, ena anatchona, ndipo manda ao ali komweko.

Munthu amene tikusimba mbiri yake sanali wa kuno, ndipo dziko la Niassa silinali kwao. Komabe kwa zaka zambiri iye ndiye ankalankhulira anthu a m'lokeshoni imene abale athu ankagonamo. Anakhala pa mpando wopanda ulamuliro, wongolangiza chabe, koma anautenga ngati ntchito yeniyeni, nathandiza nao anthu osauka. Mbiri yake ili ndi phunziro kwa ife amene lero tili ndi ufulu wosankha oyendetsa mizinda yathu.

Ubwana wao ndi ntchito yoyamba

A Charles Mzingeli anabadwa m'chaka cha 1905, nakulira pa mishoni ya Akatolika pafupi ndi Plumtree, kumadzulo kwa dziko limene tsopano likutchedwa Zimbabwe. M'dera limenelo ansembe Ajezuiti anali atayamba ntchito yao pa Empandeni m'chaka cha 1887. Pa mishonipo anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, ndipo maphunziro amenewo, ngakhale anali ochepa, ndiwo anakhala khasu lao moyo wao wonse. Ali ndi zaka 14 anachoka pa mishoni nakagwira ntchito ya pa njanji, ndipo pambuyo pake anakakhala mu mzinda wa Bulawayo.

Ku Bulawayo ndiko anakumana ndi bungwe la anthu apantchito lotchedwa Industrial and Commercial Workers' Union, limene anthu ankangolitchula mwachidule kuti ICU. Analiyambitsa ku Cape Town m'chaka cha 1919 ndi a Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, amene anaphunzira ku Livingstonia. M'chaka cha 1927 mnzao wina wa ku Nyasaland, a Robert Sambo, anayamba kulalika za bungweli ku Bulawayo, koma boma linawagwira ndi kuwathamangitsa m'dzikomo. Mbeu inali itagwa kale m'nthaka. A Masotsha Ndlovu ndi anzao anapitiriza ntchitoyo, ndipo mnyamata wa ku mishoni uja analowa m'gulu lao. Motero moto umene a Mzingeli anaotha unakolezedwa ndi anthu a m'mbali mwa nyanja yathu yomwe ino.

M'chaka cha 1929 bungwe linawatuma ku Salisbury kuti akakhale mlembi wosonkhanitsa anthu. Anali ndi zaka 24, mlendo pakati pa anthu a zilankhulo zina, ndipo lokeshoni imene anafikiramo inasanduka mudzi wao.

Lokeshoni ya Harare

Kuti timvetse ntchito yao, tiyambe taona malo amene ankakhalamo. Mzinda wa Salisbury unamangidwa ngati mudzi wa azungu. Munthu wakuda ankaloledwamo chifukwa cha manja ake okha: aphike, asese, anyamule katundu, aumbe njerwa, ndipo dzuwa likalowa achoke. Chifukwa chake m'chaka cha 1907 khonsolo ya mzinda inatsegula lokeshoni kunja kwa mzindawo, imene inadzatchedwa Harare. Lamulo logawa dziko la m'chaka cha 1930 linalimbitsa tsankholi, pakuti linaika mizinda yonse m'chigawo cha azungu. Nyumba za m'lokeshoni zinali za khonsolo. Munthu ankangochita lendi, ndipo akachotsedwa ntchito, nyumbanso inali pangozi.

Kwa zaka zambiri antchito ochuluka a mu mzindawo anali ochokera kunja, ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, kotero kuti Chinyanja chinkamveka m'misewu ndi m'mabwalo a mowa. Ngakhale dzina limene anthu anapatsa mzungu woyang'anira lokeshoni ndi apolisi ake linali la chilankhulo chathu: ankamutcha Katsekera. Dzinalo likulongosola lokha m'mene anthu ankauonera ulamulirowo. Alendowa ankasonkhana m'mabungwe a maliro monga mwa kwao, kuti wina akamwalira asaikidwe ngati nyama. Akatolika ankapemphera pa tchalitchi cha Petulo Woyera, chimene Ajezuiti ankayang'anira.

Ndalama zoyendetsera lokeshoni zinkachokera makamaka ku lendi ndi ku mowa umene khonsolo inkagulitsa pa bwalo lake, italetsa amai kufulula wao. Ndiye kuti wosauka ankadzilipirira yekha zonse, koma pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalamazo analibe mau. Anthu akuda sankavota posankha khonsolo ya mzinda. Chimene anawapatsa ndi bungwe lotchedwa Advisory Board, ndiye kuti bungwe la alangizi. Bungweli silinkapanga malamulo, silinkasunga thumba la ndalama, ndipo khonsolo inali ndi ufulu womva malangizo ake kapena kuwataya.

Zaka za mdima ndi kudzukanso

M'zaka za m'ma 1930 bungwe la ICU linafooka. Chuma cha dziko lonse lapansi chinali chitagwa, ntchito zinasowa, apolisi ankalonda misonkhano, ndipo atsogoleri ena anamangidwa. Ambiri anataya mtima nabwerera kwao. A Mzingeli anatsala m'lokeshoni momwemo, nadzipezera chakudya ndi ntchito zao, ndipo pambuyo pake anakhala ndi sitolo yaing'ono. Sanaleke kuwerenga malamulo a boma ndi nyuzipepala, ndiponso kulemba makalata.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwirizana ndi azungu ochepa a chipani cha Southern Rhodesia Labour Party amene anavomera kuti anthu akuda akhale ndi nthambi yao m'chipanimo. Mmodzi mwa iwo anali mai Gladys Maasdorp, amene anakhalapo meya wa Salisbury. Nkhani ya nthambiyo inagawanitsa chipanicho, pakuti azungu ambiri apantchito sanafune kukhala pa mphasa imodzi ndi munthu wakuda. A Mzingeli anatolapo nzeru ziwiri: kuti pakati pa azungu pali ena ofuna chilungamo, ndiponso kuti anthu a m'lokeshoni ayenera kukhala ndi bungwe laolao.

M'chaka cha 1946 anadzutsanso bungwe lakale lija nalitcha Reformed Industrial and Commercial Workers' Union, mwachidule RICU. Dzina linali la bungwe la apantchito, koma ntchito yake inafika pa zonse za moyo wa m'lokeshoni. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 linali ndi anthu pafupifupi 7,000.

Lamulo la 1946 ndi mlandu wa amai

Chaka chomwecho cha 1946 boma linakhazikitsa lamulo lokhudza malo ogona ndi kalembera wa anthu akuda m'mizinda. Pongoliona linkaoneka lachifundo, pakuti linkalamula olemba ntchito kuti azilipira malo ogona a antchito ao. Koma m'kati mwake munali mbedza. Munthu aliyense anayenera kulembedwa. Wofuna ntchito ankapatsidwa chiphaso cha masiku owerengeka, ndipo masikuwo akatha ntchito asanaipeze, anali wolakwa. Amuna osakhala ndi mabanja anawaunjika m'nyumba zazikulu zogonamo anthu ambirimbiri. Mkazi ankaloledwa kukhala m'nyumba ngati ukwati wake unali wolembedwa ndi wovomerezedwa ndi boma.

Lamuloli litayamba kugwira ntchito, apolisi ankagogoda pa zitseko usiku kufunsa mapepala. Amene anavutika koposa ndi amai: amasiye, osiyidwa ndi amuna, okwatiwa mwa mwambo popanda kalata, ndi amene ankadzidyetsa okha ndi ana ao pogulitsa ndiwo kapena kuchapa zovala. Amuna ambiri ochokera kuno ndi ku Nyasaland anakwatira komweko popanda kulembetsa, ndipo mabanja otere ndiwo ankagwa m'manja mwa Katsekera.

Atsogoleri ena ophunzira a nthawi imeneyo ankachita manyazi ndi amai otere, poganiza kuti amanyozetsa mtundu pamaso pa azungu. A Mzingeli anakana kuganiza chotero. Anaima pa mfundo yakuti munthu aliyense wokhala mu mzinda ndi mwini mzindawo, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, kaya ali ndi kalata ya ukwati kaya alibe, kaya anabadwira m'dzikomo kaya anachokera kutsidya kwa Zambezi. Anatsutsa kugogoda kwa usiku ndi kuthamangitsa amai, ndipo amai ambiri analowa RICU, nakhala mphamvu ya misonkhano yake.

Pano tisasokoneze zinthu. Eklezia amaphunzitsa kupatulika kwa ukwati, ndipo ife timalimbikitsa mabanja kuti adalitsidwe m'tchalitchi. Koma kuitana munthu ku sakramenti ndi ntchito ina, kumugwetsera chitseko pakati pa usiku ndi kutaya ana ake pa msewu ndi ntchito inanso. Yoyamba ndi ya mbusa, yachiwiri ndi ya fisi.

M'lokeshoni momwemo munalinso mai wina Mkatolika, mai Elizabeth Musodzi Ayema, amene anathandiza kuyambitsa bungwe la amai a ku Harare m'chaka cha 1938, nasamalira odwala ndi osowa kufikira imfa yao m'chaka cha 1952. Holo ya m'lokeshoniyo inatchedwa dzina lao. Njira zao ndi za a Mzingeli sizinali zofanana m'zonse, koma onse awiri anaonetsa kuti mwana wa mishoni angathe kutumikira anthu kunja kwa mpanda wa tchalitchi.

Pa mpando wa ulangizi

Kuyambira zaka zotsiriza za m'ma 1940 kufikira pakati pa zaka za m'ma 1950, a Mzingeli ndi anzao a RICU ndiwo ankapambana pa zisankho za bungwe la alangizi la ku Harare. Ena ankaliseka bungwelo kuti ndi galu wopanda mano, ndipo sankanama. A Mzingeli ankadziwa bwino kuchepa kwa mphamvu yake, koma anaona kuti linali khomo lokhalo limene dandaulo la munthu wakuda linkalowera m'mabuku a khonsolo. Mau olankhulidwa pa msewu amapita ndi mphepo. Mau olembedwa m'buku la msonkhano amafuna yankho.

Tsono ntchito yao inali yotere. Ankasonkhanitsa anthu pa bwalo kuti anene mavuto ao poyera. Madandaulowo ankawatengera ku msonkhano wa alangizi, ndipo akakanidwa ankalemba makalata ku khonsolo, ku boma, ku nyuzipepala ndi kwa abwenzi a kunja kwa dziko. Kenaka ankabwerera kwa anthu kukafotokoza chimene chayankhidwa. Nkhani zake zinali za tsiku ndi tsiku: kukwera kwa lendi, kuthithikana m'nyumba, ziphaso, nkhanza za apolisi, malipiro ochepa, ufulu wa munthu wakuda wochita malonda. Zambiri mwa zimene anapempha zinakanidwa, ndipo tsankho silinagwe chifukwa cha makalata ao. Komabe wosauka anadziwa kuti pali khomo limene angagogode, ndipo olamulira anadziwa kuti pali diso limene likuwaona. Nchifukwa chake anthu anayamba kuwatcha meya wa Harare, ngakhale kuti udindo wotere kunalibe m'malamulo.

Anali munthu wokhulupirira kukambirana koposa chiwawa. Pamene sitiraka yaikulu inabuka ku Bulawayo mu Epulo 1948 ndi kufalikira ku Salisbury, iwo sanali m'gulu la oikolezera. Kwa ena uku kunali kuchenjera kwa munthu wodziwa kuti mlendo akachotsedwa ntchito amatayanso nyumba ndi chiphaso. Kwa ena kunali mantha. Mbiri yasunga maganizo onse awiri.

Kulowa kwa dzuwa

M'chaka cha 1953 maiko a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland analumikizidwa m'Chitaganya, ndipo boma linalonjeza ubale wa mitundu. A Mzingeli anali mmodzi mwa amene anayesa kuligwira lonjezolo pa mau ake, nalowa m'mabungwe osakaniza azungu ndi akuda. Koma m'lokeshoni munali mutakula mbadwo wina, wophunzira kwambiri ndi wosafuna kudikira. M'chaka cha 1955 a James Chikerema, a George Nyandoro, a Edson Sithole ndi a Dunduzu Chisiza a ku Karonga anayambitsa bungwe la City Youth League. Achinyamatawa sankafuna kukonza lokeshoni chabe, ankafuna dziko lonse. Anawanyoza a Mzingeli kuti ndi nkhalamba yopemphetsa kwa azungu, ndipo posakhalitsa anawalanda mipando ya ulangizi pa chisankho.

Mu Seputembala 1956 bungwe la achinyamatalo linatsogolera anthu kukana kukwera mabasi chifukwa cha kukwera kwa mtengo. Dandaulo linali loona, koma zinthu zinafika poipa: kunabuka chipolowe, ndipo atsikana ena okhala m'nyumba yogona akazi apantchito anagwiriridwa ndi amuna a m'lokeshoni momwemo. Amai aja amene kwa zaka khumi anali ndi wowalankhulira anaona kuti pa ndale zatsopano malo ao achepa. Chaka chomwecho boma linawathamangitsa a Chisiza kubwerera ku Nyasaland.

A Mzingeli sanagwirizane ndi zipani zomenyera ufulu zimene zinatsatira. M'malo mwake anayandikira chipani cholamula cha United Federal Party, ndipo anthu ambiri amene kale ankawaombera m'manja anawatcha wogulitsa mtundu. Tiyenera kunena zoona: pa nkhani imeneyi nthawi sinawavomereze. Ubale wa mitundu umene anaukhulupirira unali wa pakamwa, Chitaganya chinatha m'chaka cha 1963, ndipo m'chaka cha 1965 boma la a Ian Smith linatseka khomo la kukambirana, dziko nkulowa m'nkhondo. Ndiponso munthu amene wakhala yekha patsogolo nthawi yaitali savomera msanga kuti ana akula. Koma naonso amene anawagonjetsa anabweretsa chizolowezi choopsa, chakuti wosiyana nawe maganizo ndi mdani woyenera kumuopseza, ndipo chizolowezi chimenecho chinadzetsa misozi yambiri m'zaka zotsatira.

Anakhala zaka zao zotsiriza anthu atawaiwala, namwalira m'chaka cha 1980, chaka chimene Zimbabwe inalandira ufulu. M'chaka cha 1982 mzinda wa Salisbury unatenga dzina la Harare, ndipo lokeshoni yakale ija tsopano imatchedwa Mbare. Olemba mbiri a m'zaka za pambuyo pake ndiwo anafukula ntchito yao, naonetsa kuti zipani zazikulu zisanabadwe kunali munthu amene anaphunzitsa anthu wamba kusonkhana, kusankha owaimira ndi kufunsa olamulira.

Chimene tikutolapo

A Mzingeli sanalembedwe m'buku la oyera, ndipo sitikuwaika pa guwa. Tikuwakumbukira chifukwa cha ngongole: pamene ana a dziko lino anali alendo opanda mau ku Halale, munthu woleredwa pa mishoni ya Akatolika anawawerengera pamodzi ndi eni nthaka. Zimene anachita zikugwirizana ndi chiphunzitso cha Eklezia. Papa Leo XIII, m'kalata yake Rerum Novarum ya m'chaka cha 1891, anateteza malipiro oyenera ndi ufulu wa antchito wokhala ndi mabungwe ao. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha m'chaka cha 1965, unayamikira ntchito ya amene amadzipereka kutumikira anthu m'maudindo a dziko. Ndipo kuno ku Mozambique, msonkhano wa Eklezia wa ku Beira m'chaka cha 1977 unaika udindo waukulu m'manja mwa akhristu eni ake m'miphakati yao.

Ife tili ndi mwai umene iwo sanauone. Cuamba, imene pa nthawi ya Apwitikizi inkatchedwa Nova Freixo, inakwezedwa kukhala mzinda m'chaka cha 1971, koma anthu ake anayamba kusankha okha oyendetsa município m'chaka cha 1998. Mandimba inalandira ufulu womwewo m'chaka cha 2013. Amene amakhala mu Assembleia Municipal sangolangiza chabe: amavomereza ndondomeko ya ndalama ndi malamulo a mzinda. Ngati munthu wa mpando wopanda mphamvu anatha kugwira ntchito yotere, nanga wa mpando wamphamvu adzayankha chiyani akakhala chete?

Tsono mkhristu amene anzake amusankha, kaya ku município, kaya ku bwalo la mfumu, kaya ku komiti ya sukulu, ya chitsime kapena ya msika, atengepo zinthu zitatu. Choyamba, asanyoze nkhani zazing'ono, pakuti moyo wa wosauka uli pa madzi, pa malo omangapo nyumba, pa msonkho wa pamsika ndi pa msewu wopita kuchipatala. Chachiwiri, ayambire kwa amene alibe wowalankhulira: amasiye, ana opanda makolo, alendo ochokera kutsidya kwa malire, ngakhale amene sapemphera nafe, pakuti m'dera lino Akhristu ndi Asilamu timamwa chitsime chimodzi. Chachitatu, abwerere kwa omusankha kukanena zimene wachita, ndipo nthawi yake ikatha atsike mwaulemu, podziwa kuti mpando ndi wobwereka.

Ifenso osankha tili ndi mbali yathu. Mutu umodzi susenza denga. Tisamusiye yekha munthu amene tamutuma, ndipo tikasiyana naye maganizo tisamusandutse mdani. Pa chaka chino cha chikondwerero, pamene tikutchula m'mapemphero ansembe, masisiteri ndi makatekisiti amene anadzala chikhulupiriro kuno, titchulenso makolo athu amene anagona ku Halale, pamodzi ndi a Charles Mzingeli amene anawalankhulira. Mulungu wachifundo, amene amadziwa zabwino ndi zofooka za munthu aliyense, awalandire onse mu mtendere wake.